Makina Ophunzitsidwa Kuzindikira Matenda a Chinangwa

M'maboma a m'mbali mwa nyanja, monga Karonga, Nkhata Bay ndi Nkhotakota, chinangwa ndicho chakudya chimene anthu ambiri amadalira. Mlimi wa kumeneko adziwa bwino chisoni chimene chimagwira munthu akakumba chinangwa chimene wachisamala chaka chathunthu, nachipeza chitaola m'kati ndi mawanga ouma ofiirira. Matenda amenewa akatswiri amawatcha cassava brown streak. Palinso ena opiringiza masamba ndi kuwasandutsa achikasu, otchedwa cassava mosaic. Onse awiri amafala ndi tizilombo ting'onoting'ono toyera touluka, ndiponso ndi mitengo ya mbewu yodulidwa m'munda wodwala.

Matenda akazindikiridwa msanga, mlimi angathe kuzula mitengo yodwalayo ndi kupulumutsa munda. Koma alangizi a zaulimi ndi ochepa, ndipo minda ndi yambiri. Chifukwa cha ichi anthu ophunzira za makompyuta anafunsana kuti: kodi foni ya m'manja singaphunzitsidwe kuyang'ana tsamba ndi kunena matenda ake? Nkhani ino ifotokoza m'mene ntchitoyi inayendera, ndi m'mene anthu a m'maiko ambiri anathandizirana kuti itheke.

Kompyuta ndi chiyani?

Kompyuta ndi makina owerengera. Imodzi mwa makompyuta oyamba, yotchedwa ENIAC, inaonetsedwa kwa anthu mu mzinda wa Philadelphia ku America m'chaka cha 1946. Inali yolemera matani 27, ndipo inadzaza chipinda chachikulu. Lero m'foni yamakono iliyonse muli kompyuta yaing'ono imene iposa ENIAC kutali pa liwiro.

Makina oyambawo ankachita chokhacho chimene munthu wawalembera, lamulo ndi lamulo. Pa masamu njira imeneyi inali yabwino. Koma pa tsamba la chinangwa siikanatheka, pakuti palibe munthu angathe kulemba malamulo onse osiyanitsa tsamba lodwala ndi tsamba lopsa ndi dzuwa, lodyedwa ndi mbozi, kapena lokutidwa ndi fumbi. M'chaka cha 1950 katswiri wa masamu wa ku England, Alan Turing, analemba kuti kapena nkwabwino kupanga makina onga mwana, ndi kuwaphunzitsa pang'onopang'ono. Panapita zaka zambiri maganizo amenewa asanabale zipatso.

M'mene makina amaphunzirira

Mnyamata woweta ng'ombe sawerenga buku kuti adziwe ng'ombe za atate wake. Amaziona tsiku ndi tsiku, akalakwitsa akulu amamuwongolera, mpaka adziwa iliyonse ngakhale ili patali. Makina amaphunzitsidwa chimodzimodzi. Amaonetsedwa zithunzi zikwizikwi, chilichonse chitalembedwa dzina lake. Makinawo amayesa kutchula chimene chili pachithunzi, ndipo akalakwa, manambala a m'kati mwake amasinthidwa pang'ono. Izi zimabwerezedwa kambirimbiri. Potsiriza amayesedwa ndi zithunzi zimene sanazionepo, monga ana asukulu amayesedwa ndi mafunso achilendo.

Tsono chofunika kwambiri ndi zithunzi zochuluka zolembedwa maina oona. M'chaka cha 2009 Mayi Fei-Fei Li, amene anabadwira ku China nakagwira ntchito ku America, pamodzi ndi anzawo anatulutsa nkhokwe ya zithunzi yotchedwa ImageNet. Nkhokweyi inakula mpaka kupitirira zithunzi 14 miliyoni, ndipo amene analemba maina a zithunzizo anali anthu zikwi zambiri okhala m'maiko oposa 100. Chaka ndi chaka kunkachitika mpikisano woona kuti makina a yani adzazindikira bwino zithunzizo.

M'chaka cha 2012 mpikisanowu unapambanidwa ndi anthu atatu a ku yunivesite ya Toronto ku Canada. Geoffrey Hinton anabadwira ku England, Alex Krizhevsky ku Ukraine, ndipo Ilya Sutskever ku Russia. Pa zithunzi 100 zilizonse makina awo analakwa pafupifupi 15, pamene amene anawatsatira analakwa 26. Iwo sanabise njira yawo. Anailemba poyera kuti aliyense aiwerenge, ndipo m'zaka zochepa inafika m'masukulu a dziko lonse lapansi.

Ntchito ya ku Tanzania ndi ku Uganda

Makina odziwa agalu, magalimoto ndi mipando sakanathandiza mlimi. Panafunika anthu odziwa chinangwa. Gulu la PlantVillage la ku yunivesite ya Penn State ku America, lotsogoleredwa ndi David Hughes, linagwirizana ndi bungwe lofufuza za ulimi lotchedwa IITA. Likulu la bungweli lili ku Ibadan m'dziko la Nigeria, koma lili ndi antchito m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo kuno ku Malawi likupezeka ku Chitedze.

M'minda yoyesera ya IITA pafupi ndi Bagamoyo ku Tanzania anajambula zithunzi 2,756 za masamba a chinangwa. Odziwa matenda a mbewu ndiwo anasankha masamba nanena kuti ili ladwala chakuti, ili lagwidwa ndi tizilombo takuti, ili ndi labwino. Zithunzi zimenezi zinali zochepa kuti makina ayambe nazo kuphunzira. Kotero anatenga makina amene kampani ya Google inali itawaphunzitsa kale ndi zithunzi za ImageNet ndi kuwapereka kwaulere, nawaonjezera phunziro la chinangwa. M'chaka cha 2017 Amanda Ramcharan ndi anzake analengeza kuti pa mayeso makinawo anakhoza masamba 93 pa 100 alionse.

Kuchokera pamenepo kunapangidwa pulogalamu ya pafoni yotchedwa Nuru, ndiko kuti kuwala m'Chiswahili. Munthu amalozetsa kamera ya foni pa tsamba, ndipo foniyo imanena matenda amene ikuwaganizira. Ubwino wake ndi wakuti imagwira ntchito ngakhale kumene kulibe intaneti.

Koma makinawo atalowa m'minda yeniyeni, anakhoza pang'ono kusiyana ndi pa mayeso aja. M'munda muli mthunzi ndi dzuwa, mphepo imagwedeza masamba, ndipo matenda akamayamba kumene zizindikiro zake zimakhala zosaoneka bwino. Ofufuzawo analemba zolepherazi poyera. Kafukufuku wa m'chaka cha 2020 anaonetsa kuti Nuru ankakhoza 65 pa 100, koma akaonetsedwa masamba asanu ndi limodzi a mtengo umodzi ankakhoza pakati pa 74 ndi 88. Kulemba zolephera ndi mwambo wabwino pakati pa ofufuza, pakuti mnzawo wa kudziko lina sagweranso m'dzenje lomwelo.

Ku Uganda anatsata njira ina. Aphunzitsi a yunivesite ya Makerere, pamodzi ndi malo ofufuzira mbewu a ku Namulonge, anasonkhanitsa zithunzi zoposa 21,000, ndipo zambiri mwa izo zinajambulidwa ndi alimi eni ake m'minda yawo. Chakumapeto kwa 2020 zithunzizi zinaikidwa pa mpikisano wa dziko lonse lapansi, ndipo magulu oposa 3,000 analowa nawo. Anthu amene sanaonepo mtengo wa chinangwa anachezera usiku akuphunzitsa makina ndi masamba a alimi a ku Uganda.

Nkhani ya zilankhulo

Makina akazindikira matenda, ayenera kuuza mlimi m'chilankhulo chimene iye amva. Apa ndi pamene pali ntchito ina yaikulu imene ofufuza akulimbana nayo. Makina omasulira mawu amaphunzira ngati aja a zithunzi: amafuna ziganizo zambirimbiri zolembedwa m'zilankhulo ziwiri. Chingerezi ndi Chifalansa zili ndi zolembedwa zosawerengeka. Mu Africa muli zilankhulo pafupifupi 2,000, koma zambiri zili ndi zolembedwa zochepa pa intaneti. Kampani ya Google inaika Chichewa m'makina ake omasulira m'chaka cha 2014, koma amene anawayesa adziwa kuti miyambi ndi mawu okuluwika zimawavuta.

M'chaka cha 2019 achinyamata ophunzira a m'maiko ambiri a mu Africa anayambitsa gulu lotchedwa Masakhane, mawu a Chizulu otanthauza kumangira pamodzi. Gululi limayenda ngati dima. Wina adziwa chilankhulo, wina adziwa masamu, wina ali ndi kompyuta yamphamvu, ndipo onse amalima munda wa mmodzi lero, mawa wa wina. Amene wathandiza kumasulira mawu amalembedwa dzina pamodzi ndi akatswiri pamene zotsatira zikufalitsidwa. Kuno kwathu, Dr. Amelia Taylor a ku yunivesite ya MUBAS ku Blantyre anasonkhanitsa nkhani za m'nyuzipepala za Chichewa, ndipo m'chaka cha 2021 anthu a m'maiko osiyanasiyana anapikisana pophunzitsa makina kuzigawa m'magulu, monga za ulimi, za umoyo ndi za ndale.

Misewu imene nzeru zimadzera

Kuti anthu otalikirana agwire ntchito imodzi, pafunika njira yotumizirana zolemba. World Wide Web, imene anthu amaiwerenga pa intaneti, inayambira pa chosowa chomwechi. Tim Berners-Lee anaiganiza m'chaka cha 1989 pa malo ofufuzira otchedwa CERN pafupi ndi Geneva, kumene kumasonkhana akatswiri a mitundu yambiri, ndipo m'chaka cha 1993 CERN inaipereka kwa anthu onse popanda malipiro. Ku dera lino la Africa kuli bungwe la UbuntuNet Alliance, limene linayamba m'chaka cha 2005. Ntchito yake ndi kulumikiza mayunivesite a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa ndi anzawo a ku Europe, ndipo ofesi yake yaikulu ili mu Lilongwe.

Ofufuza amafunanso kuonana maso ndi maso. Apa pakhala zovuta. M'chaka cha 2018 ophunzira ambiri a mu Africa anakanizidwa ziphaso zolowera ku Canada, kumene kunali msonkhano waukulu mu mzinda wa Montreal. Ulendo wa pandege nawonso ndi wokwera mtengo. Nchifukwa chake misonkhano ya mu Africa momwe ili yofunika. Msonkhano wa Deep Learning Indaba unayamba ku Johannesburg m'chaka cha 2017, ndipo wakhala ukuzungulira m'mizinda monga Nairobi, Tunis, Accra ndi Dakar. M'chaka cha 2023 msonkhano wina waukulu wa dziko lonse, wotchedwa ICLR, unachitikira ku Kigali, ndipo kanali koyamba kuti akatswiri ake asonkhane mu Africa.

Zimene alimi ayenera kukumbukira

Foni siichiritsa chinangwa, ndipo nthawi zina imalakwa. Matenda awiri aja alibe mankhwala opopera. Chimene chiteteza munda ndi kubzala mitengo ya mbewu yochokera m'munda wopanda matenda, kufunsa alangizi za mitundu yopirira, kuyendera munda kawirikawiri, ndi kuzula msanga mitengo imene yaonetsa zizindikiro. Mlimi asapatse mnzake mbewu yochokera m'munda wodwala, ngakhale mnzakeyo ataumirira.

Ofufuza akafika m'mudzi kudzajambula mbewu kapena mawu, ayenera kuyamba aonekera kwa amfumu, afotokoze chimene akufuna ndi kumene adzapita nacho, ndipo apemphe chilolezo cha mwini munda. Alimi ali ndi ufulu wofunsa mafunso ndi wokana. Amene avomera adziwe kuti chimene apereka ndi cha mtengo wake. Mitundu ya chinangwa ya ku Nkhotakota siifanana m'zonse ndi ya ku Bagamoyo, ndipo makina adzadziwa masamba a kuno pokhapokha ataonetsedwa ndi anthu a kuno amene akuwadziwa.