Kutupa kwa nkhope kobwera mocedwa pambuyo pa nyeleti zokongoletsa

Mankhwala amene anthu ena amalasitsa pa milomo, m'masaya ndi m'munsi mwa maso pofuna kucotsa makwinya angathe kutupitsa nkhope patapita masabata kapena miyezi, pamene mwini wake anaiwala kale za nyeletiyo.

Mankhwalawa amachedwa ma filler. Ambiri amapangidwa ndi hyaluronic acid, cinthu coterera cimene cimasunga madzi pansi pa khungu. Bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza mtundu wa Restylane mu 2003, ndipo wa Juvéderm mu 2006.

Kutupa pang'ono m'masiku oyambirira sikodetsa nkhawa, popeza kumatha kokha. Kutupa kocedwa n'kosiyana. Malo amene analasidwa amafiira, amapweteka, ndipo nthawi zina pamatuluka timibulu tolimba.

Madotolo amafotokoza kuti izi zimacitika citetezo ca m'thupi cikadzutsidwa ndi cimfine, katemera kapena cithandizo ca mano. Pamenepo thupi limayamba kulimbana ndi mankhwalawo monga cinthu cacilendo. Nthawi zina gwero lake ndi tizilombo timene tinalowa pa tsiku lolasa, n'kukhala cete kwa nthawi yaitali.

Mu December 2020, pounika katemera wa Covid-19 wa Moderna, a FDA anamva za anthu atatu amene anali ndi ma filler ndipo anatupa nkhope kapena milomo atalandira katemerayo. Onse anacira, ndipo akatswiri sanaletse anthu otere kulandira katemera.

Vutoli silicitika kawirikawiri ndipo limacizika. Dotolo angapereke mankhwala ocepetsa kutupa, opha tizilombo, kapena kulasa hyaluronidase amene amasungunula hyaluronic acid. Koma ma filler okhalitsa, monga a silicone, sasungunuka, ndipo kuwacotsa kungafune opareshoni.

N'cifukwa cake wolasitsa ayenera kusunga dzina la mankhwalawo ndi tsiku limene analasidwa, n'kuuza dotolo ngakhale patapita caka. Wotupa sayenera kufinya malowo, ndipo ngati akuvutika kupuma athamangire ku cipatala.

Muno mu Zambia, bungwe la Health Professions Council of Zambia ndilo limalembetsa madotolo, pamene la ZAMRA limavomereza mankhwala. Munthu ali ndi ufulu wofunsa zikalata zimenezi asanalole nyeleti kukhudza nkhope yake.