Kabowo Kamene Kamalamulira Njinga Yamoto

Mwa mafunso onse amene eni njinga zamoto zamakedzana, zija za BSA, Triumph, Norton ndi Matchless zimene zinkasulidwa ku England, amadza nawo kwa ife amakaniko, palibe limene limamveka kawirikawiri, kapena limene limafunsidwa ndi chikhulupiriro chosagwedezeka, kuposa ili lakuti, "Bambo, ndiikemo jeti ya nambala yanji kuti njingayi ikhale ndi mphamvu?" Wofunsayo amakhala atatsimikiza kale mumtima mwake kuti petulo wambiri ndiye liwiro, ndipo ine ndimayamba ndamukhazika pansi, pakuti walira mvula walira matope, ndipo wolira petulo walira mwaye.

Injini sitentha petulo payekha ayi, koma petulo wosakanizika ndi mpweya, ndipo kuti apse bwinobwino pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya pa kilogalamu imodzi ya petulo, ngakhale kuti pofuna mphamvu zonse timaonjezako petulo pang'ono chabe. Woyeza muyeso umenewu m'kabuleta ndi jeti, kachitsulo kamkuwa kochepa ngati njere ya chimanga, kobooledwa pakati. Kabowoko kakakula kupyola muyeso, njinga imatulutsa utsi wakuda, pulagi imachita mwaye, injini imalira mobanika. Koma kakachepa, tsoka lake ndi lalikulu koposa, popeza injini imatentha mwakachetechete kufikira pisitoni itagwira kapena kubooka pamutu, mwiniwake ali kusangalala kuti njinga yake sikudya mafuta.

Nambala yolembedwa pajeti nayo imasokeretsa ambiri. Pa makabuleta a Amal, amene anali pa njinga zambiri za ku England, kaya ndi Monobloc ya m'zaka za m'ma 1950 kapena Concentric imene inailowa m'malo mu 1967, nambalayo imanena kuchuluka kwa petulo amene amadutsa pakabowoko m'mphindi imodzi. Pamene pa Keihin ya ku Japan ndi Dell'Orto ya ku Italy imanena kukula kwa bowo lenilenilo, kotero kuti 120 ndiye kuti mamilimita 1.20. Munthu wotola jeti ya 120 mumsika, osafunsa kuti inachokera m'kabuleta yanji, wagula chinthu chimene sakuchidziwa. Choipa kuposa apa ndi chizolowezi chija chotokosa jeti ndi kawaya, chifukwa mkuwa ndi wofewa, ndipo jeti yotokosedwa, ngakhale nambala yake ikuwerengeka, yasanduka mboni yonama.

Tsono mutu umodzi susenza denga. Jeti yaikulu, imene aliyense amathamangira kukaisintha, imalamulira pokhapokha wokwera akatsegula moto kuyambira pa makota atatu mpaka kumapeto. Pansi penipeni, injini ikamalira njinga itaima, ntchito ndi ya jeti yaing'ono ndi sikulu yake ya mpweya. Kuchoka apo kufika pa kota imodzi ndi ya silaidi ndi kadulidwe kake. Ndipo dera lonse lalikulu la pakati, m'mene munthu woyenda modzilemekeza pa njinga ya zaka makumi asanu amathera ulendo wake wonse, lili m'manja mwa singano ndi jeti imene singanoyo imalowamo. Jeti ya singanoyi, imene pa Amal kawirikawiri imakhala ya .106, imadyeka pang'onopang'ono chifukwa cha kunjenjemera kwa singano, bowo lake n'kusiya kukhala lozungulira. Ndipo njinga zambiri zimene zimafika kwa ine zikuimbidwa mlandu wa jeti yaikulu, wolakwa amapezeka kuti ndi ameneyu.

Nanga buku la njinga silinanene kale nambala yoyenera? Linanenadi, ndipo ndi poyambira pabwino, koma amene analilemba ankapuma mpweya wa ku Birmingham ndi Coventry, malo otsika, pamene Blantyre ndi Lilongwe ali pamtunda wopitirira mamita 1,000, ndipo Dedza ali pamwamba koposa apo. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, motero jeti yomweyo imapereka petulo wochuluka kuposa amene mpweyawo ungathe kutentha. Malangizo akale ankati pakati pa mafiti 3,000 ndi 6,000 jeti yaikulu ichepetsedwe ndi magawo 5 pa 100, ndiye kuti ya 200 ilowedwe m'malo ndi ya 190. Koma taonani, petulo wa m'Malawi muno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wa kunzimbe kuyambira mu 1982, ndipo ethanol, pokhala ndi okosijeni mwa iye yekha, amafuna bowo lokulirapo. Phiri likukokera uku, nzimbe zikukokera uko; n'chifukwa chake sindipereka nambala kwa munthu ndisanamve kumene amakhala, pakuti yokomera wa ku Dedza ingathe kumuotchera injini wa ku Nsanje.

Woweruza weniweni ndi msewu, koma asanaweruze, moto wa pulagi uzifika pa nthawi yake, fuloti ikhale pa muyeso, ndipo pasakhale mpata uliwonse wobera mpweya pakati pa kabuleta ndi injini. Zikatero ndimayamba ndi jeti yokulirapo, ndi kutsegula moto wonse pamtunda wautali injini itatentha. Ndikabweza moto pang'ono njinga n'kuoneka ngati yapeza mphamvu zatsopano, jetiyo yachepa, ndipo ikamalira molemera ndi kudukiza, yakula. Kenaka ndimagwira kilatchi ndi kuzimitsa injini nthawi yomweyo, ndi kumasula pulagi pomwepo pambali pa msewu: yofiirira ndiyo yabwino, yakuda yakhuta, yotuwa mbuu ndi chenjezo. Ndimatsika nambala imodziimodzi, osasintha zinthu ziwiri pa ulendo umodzi, ndipo pamene nambala ziwiri zoyandikana zikupereka liwiro lofanana, ndimasiyamo yaikuluyo, chifukwa pulagi yakuda imapukutidwa, koma pisitoni ya BSA yakale muyenera kuitanitsa kunja.