Chifukwa chake ena saonabe bwino atachotsedwa ng'ala

MUTARE – M'minda ya tiyi ya ku Honde Valley ndi Chipinge, kum'mawa kwa dziko la Zimbabwe, muli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi ndi Mozambique. Okalamba a m'mabanjawa akagwidwa ng'ala, ena amakachitidwa opareshoni kuchipatala cha maso cha Sakubva mumzinda wa Mutare. Ambiri amabwerako akuona, koma ena amadandaula kuti zinthu zikuonekabe mwachimbuuzi, ndipo madandaulo otere angathe kufooketsa anzawo amene akudikira chithandizo.

Nthawi zambiri vuto silikhala opareshoniyo ayi. Ng'ala imagwira kagalasi ka mkati mwa diso, kamene dokotala amakachotsa n'kuikapo kena kopanga. Njirayi anaiyambitsa ndi Harold Ridley pa chipatala cha St Thomas' ku London mu 1949. Koma kuwala kusanafike pa kagalasiko kumayamba kwadutsa pa khungu loonekera la kutsogolo kwa diso. Khunguli liyenera kukhala lobulungira ngati mpira. Likakhala ngati dzira, lopindika kwambiri mbali imodzi kuposa inzake, kuwala sikukumana pamalo amodzi. Vutoli madokotala amalitcha astigmatism, ndipo limapezeka pa mlingo wofunika kukonza mwa munthu pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse ochitidwa opareshoni ya ng'ala. Kagalasi wamba sikalithetsa.

Pofuna kuthana ndi mavuto awiriwa nthawi imodzi, dokotala wa ku Japan, Kimiya Shimizu, anakonza kagalasi kotchedwa toric mu 1992. Kagalasika kali ndi mphamvu zosiyana m'mbali zake ziwiri, kotero kuti kamabwezera pamene khungu lija lapereweza.

Komabe, kuti kagwire ntchito kayenera kukhala molunjika bwino. Opareshoni isanachitike, diso limayezedwa ndi makina ndipo limaikidwa zizindikiro wodwala ali chikhalire, popeza munthu akagona chagada diso limatembenuka pang'ono. Kagalasi kakapotoka ndi digiri imodzi, pafupifupi magawo 3 pa 100 aliwonse a mphamvu yake yokonza vutoli amatayika. Kakapotoka ndi madigiri 30, phindu lonse limatha, ndipo wodwala angafunike kubwerera kuti akakawongole.

Magalasi a toric ndi okwera mtengo kuposa awamba, ndipo amafuna makina oyezera amene sapezeka m'zipatala zambiri zakumidzi. Sathandizanso kwenikweni ngati khungu la diso lili ndi zipsera.

Izi sizitanthauza kuti wosauka alibe mtengo wogwira. Dokotala angathe kuchepetsako vutoli posankha bwino malo ocheka. Lotsalalo limakonzeka ndi mandala ovala, amene amayezedwa bala likapola, patatha milungu 4 mpaka 6. N'chifukwa chake wodwala amene akuonabe mwachimbuuzi ayenera kubwerera kuchipatala pa tsiku limene anauzidwa, m'malo mongokhala pakhomo n'kumati opareshoni inalephereka.