Cruise Control Yochita Kuikitsa Ikamangosiya Yokha

Cruise control ndi chipangizo chogwira liwiro la galimoto kuti woyendetsa apumitse phazi. Inayamba kudziwika mu 1958 pa galimoto za Chrysler, kuchokera ku nzeru za Ralph Teetor, injiniya wosaona wa ku America. Galimoto zambiri sizibwera nayo, choncho ena amagula kabokosi ka makampani monga Rostra kapena Waeco n'kukaikitsa kwa makaniko. Dandaulo lofala n'lakuti imagwira bwinobwino, kenako n'kungosiya popanda woikhudza, liwiro n'kuyamba kutsika.

Ambiri amathamangira kunena kuti kabokosiko kafa. Nthawi zambiri kamakhala kali bwino. Anakapanga kuti kakangokayika pang'ono kazisiya msanga, chifukwa galimoto yokana kuchepetsa liwiro imapha anthu. Ntchito yathu ndiye ndi kupeza waya amene akukanamiza.

Yambani ndi mabuleki. Kabokosi kamalumikizidwa ku switchi imene ili pamwamba pa chopondera buleki, yomwe imayatsa magetsi ofiira akumbuyo. Switchiyi ikakhwefuka kapena ikakhala kuti sanaichune bwino, kungogunda bampu kapena dzenje chopondera chimagwedezeka, kabokosi n'kuyesa kuti mwaponda. Kuyesa kwake n'kosavuta: pamsewu wopanda anthu, tcherani liwiro, ndipo kokerani chopondera buleki m'mwamba ndi nsonga ya phazi podutsa pokumbika. Ikapanda kusiya, vuto mwalipeza.

Pali china chimene amakaniko ambiri sachiganizira, ndicho mababu akumbuyo. Mitundu yambiri ya timabokosi timeneti imadziwa kuti buleki sinapondedwe poona earth kudzera m'kawaya kam'kati mwa babu. Mababu akapsa, kapena soketi ikachita dzimbiri, earth ija imabwera n'kumachoka. Zimachitikanso munthu akachotsa mababu akale n'kuika a LED, popeza a LED sapereka njira imeneyi. Apa mankhwala ake ndi kubwezeretsa mababu akale kapena kuika relay. Koma chonde, musalole aliyense kudula waya wa buleki n'kuugunditsa ku chitsulo kuti vuto lithe. Mukatero, tsiku lina mudzaponda buleki injini ikukokabe.

Mabuleki akakhala kuti ali bwino, pitani ku waya wa liwiro. Kabokosi kamawerenga tizizindikiro tochokera ku sensa ya pa giyabokisi; mitundu yakale imawerenga maginito omatidwa pa shafiti. Maginito amodzi akagwa, kapena waya akadutsa pafupi ndi mawaya a mapulagi, chiwerengero chimasokonekera. Yang'anani sipidomita: ngati muvi wake ukunjenjemera nthawi imene cruise control ikusiya, mwina sensayo ndiyo yolakwa. Ngati muvi uli zii, fufuzani pamene analumikiza. Mawaya ongopota n'kukulunga tepi, ndiponso timapulasitiki tobaya waya, ndiwo amayambitsa mavuto ambiri obwera n'kupita. Malo oterewa ndi ofunika kuwotcherera ndi mtovu. Waya wa earth wa kabokosiko umangidwe pa chitsulo chopala bwino, osati pa penti.

Ikamasiya pa chitunda pokha, nkhani ndi ina. Mitundu yokoka kebulo ndi vacuum imafooka pokwera, chifukwa injini ya petulo ikamalimbana ndi mtunda vacuum imachepa, ndipo kapaipi ka vacuum kong'ambika kamawonjezera vutolo. Liwiro likatsika kwambiri kusiyana ndi lomwe munatchera, kabokosi kamadzimasula dala. Mitundu yambiri sigwiranso liwiro likachepera pafupifupi makilomita 40 pa ola, ndipo pamenepo palibe chaonongeka.

Pa galimoto ya magiya a manja, onaninso switchi ya kilatchi, chifukwa phazi longotsamira pang'ono limakwanira kuidzutsa. Musanapite kwa makaniko, lembani pamene imasiyira: pa bampu, pa chitunda, mvula ikamagwa, kapena mukayatsa magetsi usiku. Ikamasiya mukayatsa magetsi kapena ma indiketa, muuzeni ayambire ku earth ya magetsi akumbuyo.