Malenzi a makamera a filimu akadali ndi ntchito ku Mzuzu

Tsiku limene ophunzira a pa Mzuzu University akulandira madigiri, ojambula zithunzi amadzaza ku Luwinga. Loweruka nalonso sakhala manja lende: ukwati ku Katoto, chinkhoswe ku Chibavi. Koma ambiri amene angoyamba kumene ntchitoyi ali ndi dandaulo limodzi. Kamera amaipeza, kawirikawiri yogwirapo kale ntchito, koma imabwera ndi kalenzi ka 18-55mm komwe m'holo mukangochita kamdima kamayamba kuvuta. Lenzi yabwino yatsopano ndi yodula, ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja sagwirika.

Chonsecho m'masutikesi a m'nyumba zina mukugona makamera a filimu omwe ojambula akale ankayenda nawo pa njinga: Pentax K1000 ndi Canon AE-1, onse otuluka mu 1976, kapena Zenit wa ku Soviet Union. Filimu inasowa, makamerawo anapuma, koma galasi la lenzi silidziwa kuti kumbuyo kwake kuli filimu kapena sensa. Lenzi ya 50mm yotseguka mpaka f/2 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi ka 8 kuposa kalenzi ka 18-55mm kakakhala pa 55mm, pomwe kamathera pa f/5.6. M'tchalitchi cha mawindo ang'onoang'ono, kusiyana kumeneku n'kwakukulu.

Chovuta n'chakuti makampani ambiri anapanga pomangira lenzi pawopawo. Cholumikiza lenzi yakale ndi kamera yatsopano ndi adaputa, kamkombero kachitsulo komwe mbali ina kamagwira lenzi yakale, mbali ina kamalowa pa kamera yatsopano. Komatu si lenzi iliyonse imene ingakwere pa kamera iliyonse, ndipo apa ndi pamene anthu amatayapo ndalama.

Lenzi iliyonse inapangidwa kuti izikhala pa mtunda wakutiwakuti kuchokera pa filimu. Ya Nikon F, yomwe inayamba mu 1959, imafuna mamilimita 46.5. Ya M42, yomangidwa mozungulitsa ngati chivundikiro cha botolo, ndi ya Pentax K zimafuna pafupifupi 45.5. Makamera a Canon a digito okhala ndi kalilole m'kati, otchedwa DSLR, ali pa 44. Choncho lenzi ya Nikon imakwera bwinobwino pa Canon, chifukwa adaputa imangodzaza mamilimita 2.5 otsalawo. Koma munthu akafuna kuika ya M42 pa DSLR ya Nikon, lenziyo imakhala itatalikira kale, ndipo palibe kachitsulo kangaibweze m'mbuyo. Imajambula zapafupi zokha. Mapiri a Viphya amatuluka mbuu. Choseketsa n'chakuti malenzi a FD, a Canon yemweyo, omwe amafuna 42, amakanika pa DSLR ya Canon, pamene a Nikon akulowa popanda chovuta. Alipo maadaputa okhala ndi kagalasi kokonza vutoli, koma otchipa mwa amenewa amafooketsa chithunzi.

Zinthu zinapepuka atabwera makamera opanda kalilole m'kati, omwe ojambula amangoti mirrorless. Sony E, ya mu 2010, ili pa mamilimita 18 okha, Fujifilm X pa 17.7, Nikon Z pa 16. Mpata wa adaputa ndi wambiri, moti pafupifupi lenzi iliyonse yakale imakwera. Ambiri mwa makamerawa alinso ndi focus peaking, yomwe imapaka mtundu wowala m'mphepete mwa chinthu chimene chalowa mu fokasi.

Thandizo limenelo ndi lofunika chifukwa lenzi yakale ilibe mota ndipo silankhulana ndi kamera. Fokasi ndi ya manja, pobowo polowera kuwala pamatsegulidwanso ndi manja, ndipo pa makamera ena mpaka munthu alowe mu menyu n'kuloleza kujambula "popanda lenzi". Pa kamera ya sensa yaing'ono, lenzi ya 50mm imaona ngati ya 75mm kapena 80mm. Pojambula nkhope ya mkwatibwi zimenezi n'zabwino kwambiri, koma pa chithunzi cha abale onse wojambula amabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma.

Lenzi yotchuka pa masewera amenewa ndi Helios 44-2 ya 58mm, yomwe inkabwera ndi makamera a Zenit ndipo anaitengera ku Biotar ya Carl Zeiss. Ikatsegulidwa yonse, masamba a kumbuyo kwa munthu amaoneka ngati akuzungulira. Ena amazikonda, ena amati zimazunguza mutu.

Mdani weniweni wa malenziwa ku Mzuzu ndi chinyontho. Mvula kuno imachedwa kusiya, ndipo ngakhale mu Juni ndi Julayi mawawa ndi nkhungu sizisowa. Lenzi yomwe yakhala zaka m'kachikwama kachikopa, mumdima, imamera chuku m'kati mwake, tiulusi toyera ngati ukonde wa kangaude. Chukucho chikakhalitsa chimadya utoto wopyapyala wa pa galasi, ndipo chipsera chake sichichoka. Wogula aunike ndi tochi ya foni kuchokera kumbuyo, azungulitse mkombero wa fokasi kuti amve ngati sukugwiragwira, aonenso ngati timasamba ta pobowo tilibe mafuta. Akagula aisunge m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tomwe timabwera m'mabokosi a nsapato, atatiumitsa kaye.

Lenzi ya manja si ya ntchito iliyonse. Pa mpira wa Moyale Barracks pa Mzuzu Stadium, kapena pa perekaniperekani pomwe aliyense akuvina, zithunzi zambiri zimatuluka zosalunjika, ndipo mwini ukwati samvera zifukwa. Pamenepo kalenzi ka 18-55mm kaja kamapambana. Koma pa zithunzi zoimitsa munthu, pa kanema wa nyimbo za kwaya, kapena pojambula katundu wamalonda monga mapaketi a khofi, lenzi ya zaka 40 imachita zimene kalenzi kaja sikangathe.

Amene ali nayo kunyumba ayambe wawerenga zolembedwa pa lenziyo ndi kudziwa mtundu wa pomangira pake, asanatume aliyense wopita ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg kuti akamugulire adaputa.