Dzino Likasintha Mtundu Pambuyo pa Ngozi

Dzino limene limavulala kawirikawiri munthu akagwa panjinga kapena akawombana ndi mnzake pampira ndi lakutsogolo la m'mwamba, ndipo ngakhale lisathyoke, pakapita masiku kapena miyezi limatha kusintha mtundu. Kusinthako kumayambira m'kati, m'kachipinda ka pakati pa dzino, momwe muli mnofu wofewa wokhala ndi mitsempha ya magazi ndi mitsempha yomva ululu. Madokotala a mano amautcha pulp, ndipo mnofu umenewu ndiwo umasunga dzino lamoyo.

Timitsempha ta magazi tikaphulika, magazi amalowa m'timabowo ting'onoting'ono ta dentine, gawo lolimba lomwe lili pansi pa chikuto choyera cha dzino, motero dzinolo limayamba kufiirira. Magaziwo akamawonongeka, ayironi wa m'magazi amasiya mtundu wa phulusa kapena wakuda. Nthawi zina mtunduwu umazimiririka, makamaka pa mano oyamba a mwana, koma ukakhalitsa pa dzino la munthu wamkulu, nthawi zambiri mnofu uja umakhala utafa, ngakhale dzinolo lisakupweteka, ndipo kusapwetekako kumachititsa ambiri kuchedwa kupita kuchipatala.

Dzino likasanduka lachikasu nkhani yake ndi ina, chifukwa apa mnofu uja wapulumuka ndipo ukuwonjezera dentine m'kati mpaka kachipindako kamachepa, ndipo mano ambiri otere amakhala zaka zambiri osadwala. Jens Ove Andreasen, dokotala wa ku Copenhagen ku Denmark amene buku lake la kuvulala kwa mano linatuluka mu 1972, anatsatira odwala kwa zaka zambiri, ndipo ntchito yake inathandiza madokotala kuona kuti mtundu wokha sukwanira kuweruza dzino. Ngakhale kuyeza ndi chinthu chozizira kumatha kunamiza, pakuti mitsempha yomva ululu imatha kukhala chete kwa miyezi ingapo pamene magazi akuyendabe.

Zizindikiro zodalirika zoti mnofu uja wafa ndi kachotupa ka mafinya pa usinini, kupweteka poluma, ndi mthunzi kunsonga ya muzu pa ekisirei. Zikatero dokotala amachotsa mnofu wakufawo, n'kutsuka njira ya m'muzu ndi kuitseka, ndipo dzino limakhalabe m'malo mwake. Pa dzino loyamba la mwana lomwe lachita mafinya, kawirikawiri amangolizula, pofuna kuteteza dzino latsopano lomwe likukula pansi pake.