Mfuti ya Mlenje: Maonekedwe Kapena Ntchito?

 Lero tikambe za mfuti yoombera nyama zikuluzikulu monga njovu, njati ndi mvuu.

Akuluakulu adati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Zilipo mfuti zozokotedwa maluwa, za mtengo wonyezimira, zokoma m'maso. Koma njati yovulala ikatembenuka, siyang'ana maluwa. Pamenepo mlenje amafuna zinthu zitatu: chipolopolo chilowe mu mpope osakodwa, chiboole chikopa ndi fupa, ndipo mfutiyo ikhale bwino paphewa. Mfuti yopepuka kwambiri imakankha mwamphamvu. Mwini wake amayamba kuiopa, ndipo woopa amaphonya.

N'chifukwa chake mfuti ya .375 H&H Magnum, imene kampani ya Holland & Holland ya ku London idatulutsa m'chaka cha 1912, ikadali yodalirika. Mlenje John Taylor, amene anthu a ku Tete adamutcha Pondoro, adaitamanda m'buku lake la mu 1948 poona ntchito yake.

Kuno kwathu mfuti zamphamvu zotere n'zoyenera alonda a Boma a nyama zakutchire, amene amathamangira kumene nyama yaononga minda kapena kuopseza anthu, monga m'malire mwa nkhalango ya Kasungu, kumene adasamutsirako njovu 263 m'chaka cha 2022. Kusunga mfuti popanda chilolezo cha apolisi ndi mlandu, ngakhale ikhale ya gogodera. Tsono nyama ikavuta m'mudzi, kauzeni amfumu ndi alondawo. Tsalani bwino.